Kafukufuku wochepetsa kachirombo ka HIV kobisala m'thupi mwa anthu omwe akumwa ma ARV

Patha zaka zoposa 40 kuchokera pomwe akatswiri a ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris adatulukira kachirombo ka HIV m'chaka cha 1983, koma mpaka lero palibe mankhwala ochiza omwe angaperekedwe kwa anthu onse omwe ali nako. Mankhwala a ma ARV amachepetsa kachiromboka m'magazi mpaka makina a kuchipatala osakaonanso, koma munthu akasiya kumwa, nthawi zambiri kamabwerera pakangotha masabata awiri kapena anayi.

Chomwe chimachititsa izi n'chakuti gawo lina la kachiromboka limagona mwakachetechete m'maselo a munthu, ndipo ma ARV alibe mphamvu pa kachirombo kogona. Akatswiri amatcha gawoli reservoir m'Chingerezi, ndipo m'Chichewa lingatchedwe nkhokwe ya kachirombo. Ntchito yaikulu ya ofufuza mankhwala ochiza HIV yagona pa kuchepetsa, kutsekera kapena kuthetseratu nkhokwe imeneyi.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ochuluka. Malingana ndi bungwe la UNAIDS, m'chaka cha 2024 anthu pafupifupi 40.8 miliyoni anali ndi kachiromboka padziko lonse, ndipo 31.6 miliyoni mwa iwo ankalandira ma ARV. M'dziko muno anthu omwe ali ndi kachiromboka alipo pafupifupi 1 miliyoni. Aliyense mwa anthuwa akuyenera kumwa mankhwala moyo wake wonse, ndipo boma ndi mabungwe othandiza akuyenera kupeza ndalama zogulira mankhwalawo chaka ndi chaka.

Momwe kachirombo kamabisalira

Kachirombo ka HIV kakalowa m'thupi kamalimbana ndi maselo a chitetezo otchedwa CD4, omwe ambiri amawadziwa kuti asilikali a m'thupi. Kakalowa m'selo, kamalumikiza chibadwa chake ku DNA ya seloyo, kotero kuti selo ija imayamba kupanga tizirombo tatsopano. Maselo ambiri otere amafa pakatha masiku ochepa.

Koma pali maselo ena a CD4 omwe ntchito yawo ndi kusunga chikumbukiro cha matenda omwe thupi lidakumanapo nawo. Maselowa amakhala zaka zambiri ali phee, kudikira kuti matenda aja akadzabweranso adzadzuke n'kumenyana nawo. Selo yotere ikagona ili ndi HIV m'kati mwake, kachiromboko nako kamagona. Popeza sikapanga tizirombo tatsopano, chitetezo cha m'thupi sichizindikira kuti seloyo ili ndi vuto.

Ma ARV amagwira ntchito poletsa kachirombo kulowa ndi kukhazikika m'maselo atsopano. Kachirombo komwe kadalumikizika kale ku DNA sakachotsa. Selo yogona ija ikadzuka munthu akumwa mankhwala, tizirombo totulukamo timalephera kufalikira. Ikadzuka munthu atasiya mankhwala, matenda amayambiranso.

Maselo obisa kachirombo amapezeka m'magazi, koma ochuluka ali m'matumbo, m'kapamba ndi m'malo omwe mumatupa mwanabele. Kachiromboka kapezekanso m'maselo ena a muubongo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kuyeza magazi okha sikuonetsera chithunzi chonse.

Momwe nkhokweyi idadziwikira

M'chaka cha 1996, pamsonkhano waukulu wa Edzi womwe udachitikira ku Vancouver m'dziko la Canada, madokotala adalengeza kuti kuphatikiza mitundu itatu ya mankhwala kukuchepetsa kachirombo kwambiri. Gulu la Dr David Ho la ku New York lidawerengera kuti mwina zaka ziwiri kapena zitatu za mankhwalawa zingathe kukachotseratu m'thupi.

Chiyembekezochi sichidakhalitse. M'chaka cha 1997 magulu atatu a ofufuza a ku America adapeza, lililonse palokha, kuti kachirombo kamoyo kadakalipo m'maselo ogona a anthu omwe magazi awo ankaoneka oyera. Maguluwa ankatsogozedwa ndi Robert Siliciano wa ku sukulu ya ukachenjede ya Johns Hopkins, Douglas Richman wa ku San Diego, komanso Anthony Fauci ndi Tae-Wook Chun a ku National Institutes of Health.

M'chaka cha 2003 gulu la ku Johns Hopkins lidafalitsa zotsatira zoonetsa kuti pamatenga miyezi 44 kuti nkhokweyi ichepe ndi theka. Pa liwiro limeneli, munthu angafunike kumwa ma ARV zaka zoposa 70 kuti nkhokwe yonse ithe. Kuyambira pamenepo zidadziwika kuti ma ARV paokha sangachize munthu.

Kafukufuku wa m'chaka cha 2014 adaonjezera mfundo ina. Zidapezeka kuti selo yokhala ndi kachirombo ikamagawikana, monga momwe maselo a chitetezo amachitira, maselo onse obadwa mwa iyo amatengera kachiromboko. Motero nkhokwe imadzibwezeretsa yokha ngakhale munthu asadumphitse kumwa mankhwala tsiku n'limodzi lomwe.

Kuvuta kwa kuyeza

Vuto lina lomwe ofufuza akhala akulimbana nalo ndi la kayezedwe. Mwa maselo ogona a CD4 okwana 1 miliyoni, pafupifupi imodzi yokha ndiyo imatulutsa kachirombo kamoyo ikadzutsidwa mu labotale. Komanso mwa tizirombo 100 tilitonse tomwe tidalumikizika ku DNA ya munthu, toposa 90 n'toonongeka ndipo sitingaswane.

Njira yakale yowerengera DNA ya kachirombo imaphatikiza tamoyo ndi toonongeka tomwe, choncho imakuza chiwerengero. Njira yodzutsa maselo mu labotale imachepetsa chiwerengero, chifukwa si tizirombo tonse tamoyo timadzuka nthawi imodzi. Kafukufuku wa m'chaka cha 2013 adaonetsa kuti nkhokwe yeniyeni ikhoza kukula mpaka ka 60 kuposa momwe njira yachiwiriyi inkaonetsera. M'chaka cha 2019 gulu la ku Johns Hopkins lidatulutsa njira yatsopano yotchedwa IPDA, yomwe imasiyanitsa tizirombo tathunthu ndi toonongeka.

Ngakhale zili choncho, umboni weniweni woti chithandizo chagwira ntchito umapezeka pokhapokha munthu ataimitsa ma ARV. Pa kafukufuku, izi zimachitika moyang'aniridwa ndi madokotala. Wotenga mbali amayezedwa magazi pafupipafupi, ndipo amabwezeretsedwa pa mankhwala kachirombo kakangofika pa mlingo womwe adagwirizana.

Anthu ochepa omwe adachira

Munthu woyamba kuchira anali Timothy Ray Brown, mbadwa ya ku America yomwe inkakhala ku Berlin m'dziko la Germany. Iye adali ndi HIV komanso khansa ya m'magazi. M'chaka cha 2007 dokotala wake, Gero Hütter, adamuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wina, ndipo adabwereza mu 2008.

Wopereka maseloyo adali ndi chibadwa chapadera. Kuti HIV ilowe m'selo, nthawi zambiri imadutsa pa khomo lotchedwa CCR5, koma pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 alionse a kumpoto kwa Ulaya amabadwa wopanda khomoli, atatengera chibadwacho kwa bambo ndi mayi omwe. Brown adasiya ma ARV ndipo kachirombo sikadabwerere mpaka pomwe adamwalira ndi khansa mu September 2020.

Wachiwiri anali Adam Castillejo wa ku London, yemwe adalandira chithandizo chofanana mu 2016, n'kusiya ma ARV mu 2017. Nkhani yake idalengezedwa mu 2019. Pambuyo pake padamveka za odwala ena a ku Düsseldorf, New York ndi California. Wodwala wa ku Geneva, yemwe nkhani yake idalengezedwa mu 2023, adadabwitsa akatswiri chifukwa wopereka maselo ake adali ndi khomo la CCR5 ngati wina aliyense. Izi zikuonetsa kuti kuphedwa kwa maselo akale ndi maselo achilendowo nako kumathandiza kuthetsa nkhokwe.

Njirayi siyingaperekedwe kwa anthu wamba. Ndi yodula, imafuna chipatala chapamwamba, ndipo odwala ena amamwalira nayo. Onse omwe adachira adailandira chifukwa cha khansa yomwe ikadawapha. Komanso si onse omwe adailandira adachira ku HIV. Odwala awiri a ku Boston adaoneka ngati achira mu 2013, koma kachirombo kadabwerera patatha masabata 12 kwa mmodzi ndi masabata 32 kwa winayo.

Palinso anthu ochepa kwambiri, osakwana mmodzi mwa 100 alionse omwe ali ndi HIV, omwe matupi awo amakagonjetsa popanda mankhwala. Kafukufuku wa ku Ragon Institute pafupi ndi Boston, yemwe adafalitsidwa mu 2020, adapeza kuti mwa anthu otere kachirombo kotsala kamakhala m'zigawo za DNA zomwe selo siziwerenga. Zikuoneka kuti chitetezo chawo chidapha maselo omwe kachirombo kankatha kudzukamo, n'kusiya okhawo omwe kadatsekeredwa.

Phindu la kuyamba mankhwala msanga

Nkhokwe imakhazikika msanga zedi. Kafukufuku wa pa anyani wa m'chaka cha 2014 adaonetsa kuti idali itakhazikika kale pofika tsiku lachitatu. Komabe munthu woyamba ma ARV m'masabata oyambirira amakhala ndi nkhokwe yaing'ono ndi chitetezo chosaonongeka kwambiri.

Mu 2013 ofufuza a ku France adalengeza za anthu 14 a m'gulu lotchedwa VISCONTI, omwe adayamba mankhwala atangotenga kachirombo, ndipo atasiya kachiromboko kadakhalabe kochepa kwa zaka zingapo. M'chaka chomwecho padamveka za mwana wa ku Mississippi ku America yemwe adayamba mankhwala patangotha maola 30 chibadwire. Mwanayu adasiya kulandira mankhwala ali ndi miyezi 18, ndipo adakhala miyezi 27 kachirombo kasakuoneka, koma kadabwerera mu 2014.

Mu 2017 madokotala a ku South Africa adalengeza za mwana wina yemwe adamwa ma ARV kwa masabata 40 ali wakhanda, ndipo panthawiyo adali atakhala zaka zoposa 8 osamwa mankhwala, kachirombo kasakuswana.

Nkhani ya mwana wa ku Mississippi idabala kafukufuku wotchedwa IMPAACT P1115, yemwe adachitikira m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Makanda ankayamba mankhwala pasanathe maola 48 chibadwire. Mu 2024 ofufuza adalengeza kuti mwa ana 6 omwe adaimitsidwa mankhwala ali ndi zaka pafupifupi 5, ana anayi adakhala masabata 48 kapena kuposerapo kachirombo kasanaoneke.

Njira zomwe zikuyesedwa

Njira yoyamba ndi yodzutsa kachirombo kogona kuti chitetezo cha m'thupi chione selo yomwe kabisalamo n'kuipha, munthuyo akumwabe ma ARV. M'Chingerezi amaitcha shock and kill. Mu 2012 gulu la David Margolis la ku University of North Carolina lidaonetsa kuti mankhwala a khansa otchedwa vorinostat amatha kudzutsa kachiromboka mwa anthu. Ofufuza a ku Aarhus m'dziko la Denmark adayesanso panobinostat ndi romidepsin. Kachirombo kadadzukadi, koma nkhokwe siyidachepe mooneka. Kafukufuku wa RIVER wa ku Britain, yemwe adaphatikiza vorinostat ndi katemera, adalengeza mu 2018 kuti sipadali kusiyana pakati pa omwe adalandira chithandizocho ndi omwe ankangomwa ma ARV. Phunziro lidali lakuti kudzutsa kokha n'kosakwanira ngati palibe chopha maselowo.

Mu 2025 gulu la Sharon Lewin la ku Doherty Institute mumzinda wa Melbourne ku Australia lidafalitsa njira yatsopano yodzutsira. Iwo adapanga timatumba ta mafuta tating'ono kwambiri tonyamula mRNA, luso lomwe lidagwiritsidwa ntchito pa katemera wina wa Covid-19, ndipo timatumbati tidatha kulowa m'maselo ogona a CD4 n'kudzutsa kachirombo. Zotsatirazi zidapezeka pa maselo a mu labotale ochokera kwa anthu omwe ali ndi HIV, osati m'thupi mwa munthu.

Njira yachiwiri ndi yotsekera kachirombo kuti kasadzadzukenso, yomwe amaitcha block and lock. Gulu la Susana Valente la ku Florida lidaonetsa mu 2017 kuti mankhwala oletsa puloteni ya kachirombo yotchedwa Tat amachedwetsa kubwerera kwake pa mbewa za mu labotale.

Njira yachitatu ndi yodula chibadwa cha kachirombo m'DNA pogwiritsa ntchito luso la CRISPR. Kampani ya Excision BioTherapeutics ya ku America idayamba kuyesa mankhwala otchedwa EBT-101 pa anthu mu 2022. Zotsatira za mu 2024 zidaonetsa kuti mankhwalawa sadavulaze otenga mbali, koma kachirombo kadabwerera mwa anthu atatu onse omwe adaimitsa ma ARV, ngakhale mwa mmodzi kadachedwa ndi masabata 16.

Njira yachinayi ndi yolimbikitsa chitetezo cha m'thupi pogwiritsa ntchito ma antibody amphamvu otha kugwira mitundu yambiri ya HIV. Ma antibody amenewa adapezeka koyamba m'magazi a anthu ochepa omwe ali ndi kachiromboka, ndipo tsopano amapangidwa m'mafakitale. Pa kafukufuku wa RIO, yemwe adachitikira ku Britain ndi Denmark motsogozedwa ndi Sarah Fidler wa ku Imperial College London, amuna 68 adagawidwa pawiri. Zotsatira za mu 2025 zidaonetsa kuti pofika sabata ya 20 ataimitsa ma ARV, oposa theka la omwe adalandira ma antibody awiri adali asanabwerere pa mankhwala, pomwe kwa omwe adalandira madzi ongoyerekeza mankhwala anali pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse.

Kafukufuku wa mu Africa

Kafukufuku wambiri wa nkhokweyi wachitika pa amuna a ku America ndi ku Ulaya, omwe ali ndi mtundu wa HIV wotchedwa B. Kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, mtundu wofala ndi C, ndipo ambiri mwa omwe ali ndi kachiromboka ndi amayi. Pachifukwachi zotsatira za kunja ziyenera kutsimikizidwa pa anthu a kuno.

Mu 2019 ofufuza a ku University of Cape Town ndi University of North Carolina adaunika magazi a amayi 9 a ku KwaZulu-Natal omwe ankatsatiridwa ndi bungwe la CAPRISA. Iwo adapeza kuti tizirombo tambiri ta m'nkhokwe timafanana ndi tomwe tidali m'magazi nthawi yoyandikira tsiku loyamba ma ARV. Izi zapereka ganizo lakuti chithandizo choperekedwa pa nthawi yomwe munthu akuyamba mankhwala chingachepetse nkhokwe kuposa choperekedwa patatha zaka.

Ku Umlazi mumzinda wa Durban kuli ntchito yotchedwa FRESH, momwe atsikana ndi amayi achichepere amayezedwa magazi kawiri pa sabata, kotero kuti wotenga kachirombo amadziwika m'masiku oyambirira n'kuyamba mankhwala nthawi yomweyo. Pulofesa Thumbi Ndung'u wa ku Africa Health Research Institute adatsogolera kafukufuku pa amayi 20 a m'gululi. Iwo adalandira ma antibody awiri ndi mankhwala odzutsa chitetezo otchedwa vesatolimod, kenaka adaimitsa ma ARV. Mu 2025 zidalengezedwa kuti amayi anayi adakhala chaka ndi theka osabwerera pa mankhwala. Ena onse adabwerera pa ma ARV, koma kafukufukuyu adatsimikiza kuti ntchito yotere ingachitike bwino lomwe mu Africa.

Tanthauzo lake ku Malawi

Dziko lino lidayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala mu 2004 ndi thandizo la Global Fund. Mu 2011 lidakhala loyamba kuyambitsa ndondomeko ya Option B+, yoika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse. Mu 2016 lidayamba kupereka mankhwala kwa aliyense wopezeka ndi kachirombo, ndipo mu 2019 lidasinthira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ndondomeko zimenezi zikugwirizana ndi zomwe kafukufuku wa nkhokwe wapeza, zoti kuyamba msanga kumateteza chitetezo cha m'thupi.

Mankhwala ambiri a ma ARV m'dziko muno amagulidwa ndi ndalama za maiko ndi mabungwe akunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja mu January 2025, ntchito zina za HIV m'maiko ambiri a mu Africa zidasokonekera. Chithandizo chomwe chingalole munthu kukhala zaka osamwa mankhwala chingapeputse katunduyu, koma chiyenera kukhala chotsika mtengo ndi chotheka kuperekedwa pa chipatala cha boma.

Pakadali pano uthenga womwe ogwira ntchito m'boma, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ayenera kupereka ndi womwewo wa Unduna wa Zaumoyo. Zotsatira zonena kuti kachirombo sikakuoneka m'magazi zimatanthauza kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti munthu wachira. Munthu wotere sapatsira mnzake kachirombo pogonana. Kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre adatenga nawo mbali, adaonetsa mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti. Chitetezo chimenechi chimatha munthu akasiya mankhwala.

Kuopsa kosiya mankhwala kudatsimikizika pa kafukufuku wa SMART wa anthu 5,472, yemwe adaimitsidwa mu January 2006 zitaoneka kuti omwe ankapumira ma ARV ankadwala kapena kumwalira kuposa kawiri poyerekeza ndi omwe ankamwa mosalekeza. Kumwa modumphitsa kumapatsanso kachirombo mpata wozolowera mankhwala.

Amalawi akukumbukira za mu 1995, pomwe anthu zikwizikwi adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, koma mliri wa Edzi udapitirirabe. Masiku ano mauthenga otsatsa mankhwala ochiza HIV amafalikira pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo ena amagwiritsa ntchito nkhani zenizeni za kafukufuku pofuna kukopa ogula. Palibe mankhwala azitsamba, jakisoni kapena mapiritsi omwe avomerezedwa kulikonse padziko lapansi kuti amachotsa kachirombo kobisala. Aliyense yemwe ali pa ma ARV akulangizidwa kupitiriza kumwa tsiku lililonse, kukayezetsa kuchuluka kwa kachirombo m'magazi pa nthawi yomwe achipatala adamuuza, ndi kufunsa dokotala asanasinthe chilichonse pa kamwedwe ka mankhwala ake.